LENDI YA LAMYA YOIWALIKA: MLANDU NGWA YANI?

Ndi Mtolankhani Wathu

Pali ngongole ina imene munthu amalipira mwezi ndi mwezi osadziwa kuti ali kuilipira. Ngongoleyi siituma mesenjala pakhomo, ndiponso siichititsa munthu manyazi pamaso pa anansi ake. Imangokhala phee pa mzere umodzi wa bilu, pakati pa manambala ena, nkumadya ndalama za banja zaka 20 kapena 30. Yotereyi ndiyo inagwera mabanja ambirimbiri m'dziko la America, amene anapitirira kulipira lendi ya lamya ya m'nyumba nthawi yobwereka lamya itapita kalekale, pamene lamya yatsopano inali kugulidwa m'sitolo ndi ndalama zochepa. Nkhaniyi inafika ku bwalo la milandu nithera pa chimvano, koma funso limene inautsa likadalipo. Munthu akalipira zaka zambiri chinthu chimene anachiiwala, wolakwa ndani? Kodi ndi iye amene sanawerenge bilu yake, kapena ndi kampani imene inalandira ndalamazo osanena kanthu?

Ife tiyankha poyera pachiyambi pomwe. Onse awiri ali ndi mbali yawo, koma mbalizo sizilingana. Mtolo waukulu uyenera kusenzedwa ndi wosunga buku, pakuti iye ndiye adziwa zonse, ndiye alemba bilu, ndiponso ndiye apindula mnzake akakhala chete.

CHIYAMBI CHA LENDIYI

Kuti timvetse mlanduwu tiyenera kubwerera m'mbuyo. Alexander Graham Bell analandira chikalata cha Boma chotsimikiza kuti iye ndiye mwini nzeru ya lamya m'chaka cha 1876, ndipo chaka chotsatira, 1877, kampani ya Bell inakhazikitsidwa. Gardiner Greene Hubbard, mpongozi wake wa Bell, amene anali kutsogolera kampaniyo, anaika lamulo lakuti lamya zisagulitsidwe, zingobwerekedwa basi. Nzeruyi anaitenga ku kampani ina yopanga makina osokera nsapato, imene iye anaigwirira ntchito monga loya, ndipo imene inali kubwereketsa makina ake m'malo mowagulitsa. Chotero lendi ya lamya inabadwa pamodzi ndi lamya yomwe.

Kwa zaka pafupifupi 100 munthu wokhala m'dera la Bell sanali mwini wa lamya imene inali m'nyumba mwake. Lamyazo zinali kupangidwa ndi Western Electric, nthambi ya kampani yaikulu ya AT&T, ndipo pa zambiri za izo panadindidwa mawu onena kuti chinthucho n'cha Bell, sichigulitsidwa. Munthu akafuna lamya yachiwiri m'chipinda chogona analipira china pamwamba mwezi uliwonse. Akafuna ya maonekedwe atsopano, monga Princess ya 1959 kapena Trimline ya 1965, analipiranso china. Koma lamya ikawonongeka, kampani inatuma munthu wake kudzaikonza kapena kuisintha popanda mtengo wina. Pa chifukwa chimenechi lamyazo zinapangidwa zolimba ndi zolemera, zosati n'kufa msanga, popeza kuwonongeka kwake kunali kuluza kwa kampani yomwe.

M'masiku amenewo panalibe chinyengo pa lendiyi. Aliyense anadziwa kuti lamya n'ya kampani, monga momwe aliyense adziwira kuti mita ya madzi si yake. Panalibenso kwina kopita, pakuti kampani inaletsa kulumikiza chinthu chilichonse chachilendo ku waya wake.

Chiletsochi chinayamba kugwa pang'onopang'ono. M'chaka cha 1956 bwalo la apilo linaweruza kuti AT&T siingaletse kachikho kotchedwa Hush-A-Phone, kamene anthu anali kuveka pakamwa pa lamya kuti oyandikira asamve zolankhula zawo. M'chaka cha 1968 bungwe la Boma loyang'anira za mauthenga, Federal Communications Commission, linalola makina a Carterfone, amene analumikiza wailesi ku lamya, nilinena kuti chinthu chosawononga waya chisaletsedwe. Pofika kumapeto kwa zaka za m'ma 1970 munthu anatha kugula lamya yake yovomerezeka m'sitolo ndi kuilowetsa yekha pakhoma. Ndipo Boma la America, limene linasumira AT&T m'chaka cha 1974 chifukwa chogwira malonda onse yokha, linapangana nayo m'chaka cha 1982, mlandu uli m'manja mwa woweruza Harold Greene, kuti kampaniyo igawidwe. Kugawikako kunachitika pa 1 January 1984, ndipo ntchito ya lamya za m'madera inapatsidwa kwa makampani atsopano 7.

PAMENE MSAMPHA UNATCHERWA

Apa ndi pamene awerengi ayenera kutchera khutu, pakuti mlandu wonse uli pa chinthu chimodzi chaching'ono. Pogawa kampani ija, lamya zimene zinali kale m'nyumba za anthu zinakhala za AT&T. Eni nyumba anapatsidwa njira zitatu: kugula lamya imene anali nayo, kuibweza ndi kukagula ina kwina, kapena kupitirira kubwereka. Njira ziwiri zoyambazo zinafuna kuti munthu achitepo kanthu. Yachitatuyo siinafune kanthu konse. Amene sanayankhe anawerengedwa kuti wavomera kupitirira kubwereka.

Taonani tsono amene sanayankhe. Anali okalamba amene chiyambire anadziwa kuti lamya n'ya kampani, ndipo sanaone chachilendo pa kulipirabe. Anali akazi amasiye amene amuna awo ndiwo anali kusunga makalata a m'nyumba. Anali odwala, osaona bwino, ndi ena amene anasokonezeka ndi makalata ambiri a chaka chimenecho, pamene mayina a makampani anasintha ndipo bilu inayamba kubwera ndi masamba ochuluka. Achinyamata ndi ochenjera anachoka msanga. Otsala ndiwo anali osatha kudziteteza. Ntchito yobwereketsayo inapita m'manja mwa Lucent Technologies pamene kampaniyo inapatuka ku AT&T m'chaka cha 1996, koma lendi siinaleke.

M'chaka cha 2006 manyuzipepala a ku America analemba za mayi wina wokalamba amene anabwereka lamya zozungulitsa nambala ndi chala kwa zaka 42. Achibale ake atazindikira anawerenga kuti mayiyo analipira madola oposa 14,000. Pa nthawi yomweyo mneneri wa Lucent ananena kuti obwereka lamya, amene kale anali 40 miliyoni, anatsala pafupifupi 750,000. Ena angati chiwerengero chotsalacho n'chochepa poyerekeza ndi choyambacho. Inde n'chochepa, koma chinali cha mabanja 750,000, patapita zaka 22 chigawidwire kampani.

Aphunzitsi a masamu angathe kuika nkhaniyi pa bolodi. Tiyerekeze kuti lendi ndi madola 5 pa mwezi. Pa chaka ndi madola 60, ndipo pa zaka 20 ndi madola 1,200. Tiyerekezenso kuti lamya wamba m'sitolo igulidwa madola 20. Ndiye kuti wobwerekayo wamaliza mtengo wa lamya yatsopano pa miyezi 4, ndipo pa zaka 20 walipira mtengo wa lamya 60, koma ngakhale imodzi yomweyo imene ili pa tebulo pake si yake. Akale anati pang'onopang'ono ndi mtolo. Mawuwo ndi oona kwa wosunga ndalama, ndipo ndi oonanso kwa wozilandira.

MBALI YA KAMPANI

Sitifuna kuweruza munthu osamva mbali yake. Makampaniwo ananena kuti sanabe kanthu. Anthu anauzidwa njira zawo ndi makalata. Lendi inalembedwa pa bilu. Aliyense anali ndi ufulu woleka tsiku lililonse. Ananenanso kuti wobwereka salipira chitsulo chokha, alipiranso lonjezo lakuti lamya ikafa adzapatsidwa ina, ndi kuti alipo anthu amene akonda mtendere wotere ngakhale mtengo wake ukhale wokwera. Mawu awa sali opanda pake. Munthu wamkulu ali ndi ufulu wogula chimene afuna, ndipo si ntchito ya wamalonda kumuletsa kuwononga ndalama zake.

Koma mawuwa ayenera kuyesedwa. Poyamba, kuvomera ndi chiyani? Mwa malamulo a mapangano, ndi mwa nzeru za pabwalo la mfumu zomwe, pangano limafuna kuti anthu awiri amvane pa chinthu chimene onse achidziwa. Munthu amene sanayankhe kalata m'chaka cha 1984 sanasankhe kanthu. Anangokhala monga anali kukhalira. Kutenga kukhala chete kwa tsiku limodzi ndi kukuyesa chilolezo cha zaka 20 ndiko kutambasula pangano kufikira litang'ambika.

Chachiwiri, ndani anadziwa chiyani? Kampani inadziwa mtundu wa lamya iliyonse ndi ndalama zonse zimene inalandira pa iyo. Inadziwa mtengo wa lamya m'sitolo. Inaona m'mabuku ake kuti anthu ali kuchoka mamiliyoni, ndipo siinalephere kuzindikira mtundu wa anthu otsalawo. Wolipirayo anangodziwa nambala imodzi ya pansi pa bilu. Pamene mmodzi aona zonse ndi mnzake aona pang'ono, udindo wonena ukhala pa woonayo.

Chachitatu, lonjezo lija la kukonza linali lolemera bwanji? Lamya zomwezo zinapangidwa kuti zisafe msanga. Kulipira mwezi ndi mwezi chifukwa choopa kufa kwa chinthu chimene sichifa kawirikawiri, ndipo chimene chikafa chingagulidwe ndi lendi ya miyezi yowerengeka, ndiwo malonda amene munthu wowamvetsa sangawalowe, kupatula owerengeka okha. Ngati kampani inakhulupiriradi kuti anthu akonda lendiyo, ikanatha kuwafunsa chaka ndi chaka, niilandira yankho lawo lolembedwa. Malonda amene aopa kufunsa eni ndalama aulula okha chimene aimirapo.

MBALI YA WOLIPIRA

Komatu tisanamize awerengi athu kuti wolipira alibe mlandu konse. Safunsa anadya phula. Bilu ndi kalata, ndipo kalata ilembedwa kuti iwerengedwe. Munthu wamphamvu zake, wodziwa kuwerenga, amene ayang'ana nambala ya pansi yokha nalipira kwa zaka 10 osafunsa kuti mzere uwu ngwa chiyani, wathandiza yekha kudziwononga. Ulesi wotere ulipo ngakhale pakati pa ophunzira, ndipo makamaka pakati pawo, pakuti wa malipiro a pamwezi sadandaula ndi kandalama kochepa monga adandaulira wosauka.

Ndiponso pali mlandu wa ana. Pa nkhani ya 2006 ija, ndi pa zina zambiri zonga iyo, anazindikira ndi achibale amene anayamba kuyang'anira makalata a kholo litafooka kapena litamwalira. Tifunse kuti anali kuti zaka zonsezo? Kulemekeza makolo sikuthera pa kuwatumizira mphatso pa Khirisimasi. Kukhala nawo pansi kamodzi pa chaka ndi kuwerenga nawo makalata awo a ndalama ndi ulemu womwe, ndipo ndi wotsika mtengo koposa.

Tikaika mbali ziwirizi pa sikelo, tipeza kuti kulakwa kwa wolipira ndiko kusasamala, ndipo wavulala nako ndi iye mwini. Kulakwa kwa wolandira ndiko kudziwa ndi kukhala chete, ndipo wavulala nako ndi munthu wina. Wosiya chitseko chosatseka ndi wopusa, koma kupusa kwake sikupatsa wodutsa ufulu wolowa. Ndipo pamene wolipirayo ali nkhalamba ya maso akhungu, ngakhale dzina la kusasamala silimuyenera.

ZIMENE BWALO LINACHITA

Mlandu suola. Anthu obwereka anasumira AT&T ndi Lucent onse pamodzi, pa bwalo la ku Madison County m'chigawo cha Illinois, nanena kuti analipitsidwa koposa mtengo wa lamyazo ndi kuti sanauzidwe momveka chimene anali kulipira. M'chaka cha 2002 makampaniwo, osavomera kulakwa, anapangana kuika ndalama zofika madola 300 miliyoni kuti abwezere odandaula. Pomva chiwerengero chimenechi munthu angaganize kuti chilungamo chinachitika.

Koma kuti munthu alandire gawo lake anayenera kumva za chimvanocho, kupeza fomu, kuilemba ndi kuitumiza nthawi isanathe. Zotsatira zake zinali zakuti ndalama zimene odandaula analandira zinali pafupifupi madola 8 miliyoni okha, pamene maloya awo analandira oposa 80 miliyoni. Taonani kuti msampha womwe uja unagwiranso kachiwiri. Anthu amene anavulala chifukwa chosayankha kalata anauzidwa kuti mankhwala awo ndiwo kuyankha kalata ina. Bwalo limene lifuna kuchiritsa nthenda yotere liyenera kulamula kuti wosunga buku atsegule buku lake ndi kubweza ndalama kwa aliyense wolembedwamo, popanda kudikira pempho, pakuti mayina ndi makeyala ali nawo kale. Amene anadziwa kotumiza bilu adziwanso kotumiza cheke.

MBALI YA BOMA

Pali wachitatu pa mlanduwu amene satchulidwa kawirikawiri, ndiye wopanga malamulo. Makonzedwe akuti wosayankha apitirire kubwereka sanagwe kumwamba. Anavomerezedwa ndi akuluakulu amene anayang'anira kugawa kwa 1984. Iwo anali ndi chifukwa chomveka, pakuti sikukanatheka kulanda lamya m'nyumba 40 miliyoni tsiku limodzi. Chimene anaiwala ndicho kuika malire. Akadalamula kuti pakapita zaka zakutizakuti lamya ikhale ya wobwerekayo, nkhani yonseyi sikadakhalapo.

Maboma anaphunzira mochedwa. M'chaka cha 1999 Federal Communications Commission inaika malamulo akuti bilu ya lamya ifotokoze mtengo uliwonse m'mawu achidule ndi omveka. Ndipo pamene nthenda yomweyi inaonekanso pa timabokosi ta intaneti ndi ta wailesi ya kanema, nyumba ya malamulo ya America inakhazikitsa lamulo m'chaka cha 2019, limene linayamba kugwira ntchito mu December 2020, loletsa kampani kulipitsa lendi ya chipangizo chimene mwini nyumba anagula yekha kapena chimene anabweza kale. Ku Britain, bungwe la Ofcom litafufuza linapeza kuti anthu okhala ndi lamya ya m'nyumba yokha, ambiri a iwo okalamba amene sanasinthepo kampani, anali kulipira koposa muyeso. Ndipo kuyambira mu April 2018 kampani ya BT inatsitsa lendi ya waya kwa anthu otere ndi mapaundi 7 pa mwezi. Nkhaniyo inali ya waya, osati ya lamya yeniyeniyo, koma muzu wake ndi umodzi: wokhulupirika amene safunsa ndiye alipira koposa onse.

ZOYENERA KUCHITIKA

Ife tiona kuti malamulo anayi akwanira kutseka dzenje ili kulikonse kumene katundu abwerekedwa pa bilu ya mwezi ndi mwezi.

Loyamba, lendi ya chipangizo ikhale ndi mathero. Ndalama zolipidwa zikafika pa mtengo wa chipangizocho pamodzi ndi phindu loyenera, chikhale cha wolipirayo, ndipo ngati afuna lonjezo la kukonza aligule palokha, akudziwa mtengo wake.

Lachiwiri, kamodzi pa chaka kampani ilembere wobwereka kalata yapayokha, ya zilembo zazikulu, yonena dzina la chinthu chobwerekedwa, chaka chimene lendi inayamba, ndalama zonse zolipidwa kufikira tsikulo, ndi njira yolekera. Palibe munthu angaone madola 1,200 atalembedwa pambali pa mawu akuti lamya imodzi, nakhala osafunsa.

Lachitatu, kukhala chete kusawerengedwe kuvomera kosatha. Pakapita zaka zoikika popanda yankho, lendi iime.

Lachinayi, pakapezeka kulakwa, kubweza kuchokere m'buku la kampani, osati m'mafomu a ovulala.

Malamulo awa salanda wamalonda woona mtima kanthu kalikonse. Amene malonda ake ali abwino adzasunga anthu ake ngakhale awauze zonse. Adzataya ndi iye yekha amene phindu lake liima pa kuiwala kwa anzake.

Nkhaniyi n'ya kutsidya kwa nyanja, koma chaona mnzako chapita, mawa chili pa iwe. Ambiri a awerengi athu alandira malipiro amene adulidwa zinthu zosiyanasiyana asanafike m'manja, ndipo alipira zina mwezi ndi mwezi popanda kugwira ndalama. Mzere uliwonse wa pa kapepala ka malipiro kapena pa bilu uyenera kukhala ndi dzina limene mwini wake alidziwa. Umene saudziwa aufunse, ndipo aufunse mwa kalata, nasunge kope lake. Aphunzitsi aphunzitse ana kuwerenga bilu monga awaphunzitsira kuwerenga buku, pakuti masamu a kuchulukitsa kandalama kochepa ndi miyezi 240 adzawapulumutsa koposa masamu ena ambiri.

Ndipo inu akalaliki ndi akuluakulu a m'maofesi, amene musunga mabuku a anthu ena, mlanduwu ukhudza inu koposa onse. Mukaona m'buku lanu munthu amene ali kudulidwa ndalama ya ngongole imene inatha kale, kapena amene ali kulipira chinthu chimene sachigwiritsanso ntchito, musadikire kuti adandaule, pakuti mwina sadziwa kuti pali chodandaula. Wakutsina khutu ndi mnansi. Mlembereni kalata, ndipo ndalama imene inalandiridwa mosayenera ibwerere kwa mwini wake.